Usiku umodzi, chakudya kawiri: kumene ryokan ya ku Japan inachokera

Lero nkhani yathu ili ku Japan, m'nyumba yogona alendo yachikale imene eni ake amaitcha ryokan.

Kwa amene simunaimvepo, zimayenda chonchi. Mumafika cha m'ma 3 koloko masana. Nsapato mumavula pakhomo pomwepo. Mayi wovala kimono, amene pa ntchito yake amatchedwa nakai, amakutsogolerani kuchipinda n'kukuthirirani tiyi wobiriwira. M'chipindamo bedi mulibe. Pansi pali tatami, mikeka yochindikala yolukidwa ndi udzu wa m'dambo wonga mlulu, ndipo pakati pali tebulo lalifupi. Mumavula zanu n'kuvala yukata, mkanjo wa thonje wa panyumbapo, kenako mumapita kukasamba. Kusambako kuli ndi lamulo lake: mumayamba mwadzitsuka ndi sopo pambali mutakhala pa kampando, ndipo mukayera m'pamene mumalowa m'dziwe la madzi otentha limodzi ndi anthu ena, nonse muli chibadwire. Madzulo kumabwera chakudya cha timbale tambirimbiri, kansomba apa, kandiwo apo, msuzi ndi mpunga kumapeto. Mukamatha kudya, wina amakhala atakuyalirani futon pansi. M'mawa mumadyanso mpunga, nsomba yootcha ndi msuzi wa miso, ndipo ikamakwana 10 koloko mumakhala mukuwerama pakhomo kutsanzika. Mtengo amawerengera pa munthu, ndipo umaphatikiza zonsezi. M'Chijapanizi amati ippaku nishoku, kutanthauza usiku umodzi, chakudya kawiri.

Otsatsa malonda a zokopa alendo amakonda kunena kuti mwambowu wakhala chimodzimodzi kwa zaka 1,300. Ine ndikukana. Zigawo zake zinabadwa nthawi zosiyanasiyana, zina n'zazing'ono msinkhu kuposa njanji, ndipo zingapo zinachokera ku zinthu zimene palibe angazilembe m'kabuku kotsatsa: msonkho, chikole, thangata ndi atsikana ogulitsidwa ndi makolo awo.

Tiyambe ndi zaka 1,300 zomwezo, poti sikuti anangozipeka. M'mapiri a chigawo cha Yamanashi muli Nishiyama Onsen Keiunkan, imene mbiri yake imati inatsegulidwa mu 705, ndipo mu 2011 a Guinness anailemba kuti ndi hotela yakale kwambiri padziko lonse. Ku Ishikawa kuli Hoshi Ryokan, ya mu 718, imene banja limodzi layendetsa kwa mibadwo 46. Mwina mukufunsa kuti banja lingabereke bwanji mwana wodziwa bizinesi ka 46 mosadumphitsa. Silingathe. Ku Japan chimene amasunga ndi dzina la nyumba, magazi amabwera pambuyo. Pakasowa mwana wamwamuna woyenera, amatenga mwamuna wa mwana wawo wamkazi n'kumulembetsa ngati mwana wobereka, iye n'kusiya dzina la kwawo. Amamutcha mukoyoshi. Ife tinganene kuti mkamwini, kungoti mkamwini wa kwathu amalima munda wa apongozi osayembekezera kulowa ufumu, pamene uyu amalowa dzina ndi chuma chomwe. Ku Keiunkan mzerewo unaduka mu 2017, pamene panasowa wachibale wofuna ntchitoyo ndipo anaipereka kwa manijala amene anagwirapo zaka zambiri. Nyumba imene mungagonemo lero ndi yamakono. Chakale pamalopo ndi kasupe ndi dzina basi.

Malo ogona a nthawi imeneyo amene timawadziwa bwino sanali a anthu okasangalala. M'zaka za m'ma 700 likulu linali ku Nara, ndipo msonkho unkaperekedwa ngati katundu: nsalu, mchere, nsomba zouma ndi zina. Alimi ankasenza okha katunduyo kuchokera kuzigawo zakutali, kamba wa panjira ali wawo, ndipo ambiri ankafa ndi njala pobwerera. Ngakhale mbiri yolembedwa ndi boma lomwelo, Shoku Nihongi, imatchula imfa zimenezi. Mmonke wachibuda dzina lake Gyoki, amene anamwalira mu 749, ankayendayenda ndi omutsatira kumanga milatho, kukumba madamu ndi kumanga tinyumba totchedwa fuseya, mmene wapaulendo ankapeza pogona ndi chakudya chaulere. Poyamba boma linamudzudzula chifukwa cholalikira kwa anthu wamba popanda chilolezo. Litafuna anthu ndi zopereka zomangira fano lalikulu la Buddha ku kachisi wa Todaiji, linamukumbukira, ndipo mu 745 linamupatsa udindo waukulu kuposa amonke onse. Boma ndi boma kulikonse, eti.

Tidumphe zaka pafupifupi 900, chifukwa ryokan imene tikuidziwa inayamba kuoneka m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 kufika 1868, dziko lili m'manja mwa banja la Tokugawa. Mfumu yaikulu inalipo ku Kyoto, koma mphamvu zinali ndi shogun, mkulu wa asilikali, amene ankakhala ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Mu 1601 Tokugawa Ieyasu, asanalandire n'komwe udindo wa shogun, analamula kuti pa msewu wa Tokaido pakhale masiteshoni osinthirapo akavalo ndi amtengatenga. Msewuwu unkachoka ku Edo kukafika ku Kyoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 490, ndipo masiteshoni ake anadzakwana 53. Wina wodzera kumapiri, Nakasendo, unali ndi 69. Siteshoni iliyonse ya pa Tokaido inadzalamulidwa kusunga amuna 100 ndi akavalo 100 odikira ntchito ya boma. Akachepa, ndipo ankachepa kawirikawiri, midzi yozungulira inkakakamizidwa kutumiza amuna ndi akavalo ake, ngakhale nthawi yowokera mpunga. Iwo ankati sukego. Ife mawu ake tili nawo kale, thangata. Mu 1764 alimi a m'mbali mwa Nakasendo anaukira chifukwa cha nkhani yomweyi, mpaka boma linabweza lamulo loonjezera ntchitoyo.

Chimene chinadzaza misewuyi ndi lamulo la mu 1635 la shogun wachitatu, Iemitsu, lotchedwa sankin kotai. Mafumu a zigawo, ma daimyo, analipo oposa 250, ndipo ambiri mwa iwo ankayenera kukhala chaka chimodzi ku Edo, chaka china kwawo, moteromo mpaka kalekale. Akamabwerera kwawo, mkazi wamkulu ndi mwana wolowa ufumu ankatsala ku Edo. Tisazungulire, chinali chikole. Ndipo mfumu siyenda yokha ngati munthu wopita kuchigayo. A banja la Maeda a ku Kaga, olemera kuposa onse, ankayenda ndi anthu 2,000 kapena kuposa. Kaya shogun anachita kukonza kuti zitero kaya zinangochitika, ndalama zimene zikanagula mfuti zinkathera panjira.

Khamu lonseli linkafuna pogona, ndipo aliyense ankagona molingana ndi udindo wake. Daimyo mwiniwake ankafikira ku honjin, nyumba ya banja lolemekezeka la pasiteshonipo. Honjin inkaloledwa zinthu zimene nyumba wamba sinkaloledwa: chipata cha denga, khomo lalikulu lolandirirapo alendo, ndi chipinda chamkati chimene pansi pake panali pokwererapo kuposa zipinda zina. Ankaimika thabwa lolembedwa dzina la mfumu imene igone usiku umenewo, ndipo wamalonda, ngakhale akhale ndi ndalama zotani, analibe gawo. Koma musaganize kuti mwini honjin ankalemera nazo. Daimyo ankabwera ndi ophika ake poopa kuthiriridwa poizoni, zofunda zake, ena mpaka bafa lawo. Mtengo woikika panalibe. Mwini nyumba ankalandira mphatso imene mfumu yafuna kupereka, ndipo mafumu atayamba kumira m'ngongole mphatsozo zinkachepa pomwe denga likufunabe kukonzedwa. Ulemu unali wambiri, mabanja ena n'kusauka nawo. Honjin ya ku Kusatsu, pafupi ndi nyanja ya Biwa, imene inagwira ntchito kuyambira 1635 mpaka 1870, ilipobe, ndipo mabuku ake olembamo alendo anasungidwa.

Munthu wamba anali ndi malo a mitundu iwiri. Wosauka ankapita ku kichinyado, dzina limene limanena za ndalama ya nkhuni. Ankabwera ndi mpunga wake, n'kulipira nkhuni zophikira, n'kugona pamene papezeka mpata. Amene thumba lake linali lolemererako ankapita ku hatago, ndipo hatago ndiye gogo weniweni wa ryokan. Pa kalembera wa mu 1843, siteshoni ya Miya, kumene anthu ankadikira boti lowolokera ku Kuwana, inali ndi ma hatago 248. Chakumapeto kwa nyengo ya Edo usiku umodzi unali ndalama za mon pafupifupi 200, pamene mbale ya soba, chakudya chonga supageti, inali mon 16.

Taganizani tsiku la munthu ameneyu. Wadzuka kusanache, wayenda makilomita 35 kapena 40 atavala nkhwayira za udzu zimene zimatha pa masiku owerengeka, ndipo ulendo wa ku Kyoto umutengera milungu iwiri. Akufika dzuwa likulowa. Wantchito akumubweretsera beseni la madzi kuti asambe m'mapazi asanaponde mkeka. Dzina lake ndi kwawo zikulembedwa m'buku la alendo, limene akuluakulu a boma ankatha kuliona. Mphamvu zokafunafuna chakudya alibe, ndipo mawa anyamuka anthu asanatsegule malonda. Ndiye chamadzulo ndi cham'mawa zinkayenera kuchokera panyumba pomwepo. Ippaku nishoku inabadwa choncho, ndi ndondomeko ya munthu woyenda pansi. Ngakhale zoti usiku ndi umodzi sizinali zongofuna. Lamulo la m'masiteshoni linali loti mlendo agone kamodzi n'kupitiriza ulendo, ndipo wofuna kukhalitsa ankafunsidwa chifukwa.

Za chipinda chanuchanu iwalani. Ankakuikani ndi anthu osawadziwa, ndipo pakati pa zipinda panali zitseko za pepala zotsetsereka, zopanda loko. Buku la malangizo a paulendo limene Yasumi Roan anatulutsa mu 1810 limauza mlendo kuti akangofika aone kumene kuli chimbudzi ndi makomo otulukira, kuopa moto, akuba kapena ndewu usiku. Bafa linali limodzi, madzi amodzimodzi, anthu n'kumalowa motsatizana. M'nthano yoseketsa ya Jippensha Ikku yotchedwa Tokaidochu Hizakurige, imene inayamba kutuluka mu 1802, amuna awiri a ku Edo, Yaji ndi Kita, apeza ku Odawara bafa la chitsulo pansi, losonkhezera moto ngati mphika. Sakudziwa kuti thabwa loyandama pamwamba ndi lopondapo, alichotsa poliyesa chivundikiro, ndipo poopa kupsa alowa atavala nkhwayira zamatabwa za kuchimbudzi, mpaka Kita kuboola bafalo. Anthu a m'tauni odziyesa odziwa zonse analiko kalekale.

Nanga mlimi ankaloledwa bwanji kuyenda? Mwalamulo sankayenera kungochoka pamunda. M'misewu munali zipata, ma rodibuloko a nthawiyo, ndipo chotchuka chinali cha ku Hakone, chimene chinaikidwa mu 1619. Alonda a m'zipatazi ankasamala zinthu ziwiri makamaka: mfuti zolowa ku Edo ndi akazi otuluka mu Edo, poopa kuti akazi a ma daimyo aja angathawe chikole. Panali amayi olembedwa ntchito yomasula tsitsi la akazi apaulendo ndi kuwafufuza. Komabe panali zifukwa ziwiri zovuta kuzikana, kupita kukapemphera ndi kupita kukachira.

Kukapemphera kunkatanthauza makamaka ku kachisi wa Ise. Mudzi unkapanga gulu lotchedwa ko, aliyense n'kumasonkha kandalama, ndipo ankachita mayere kuti aone amene apite m'malo mwa onse. Amene munakhalapo m'chipeleganyu, kapena mu stokvel ku Joni, mwaizindikira kale nkhaniyi. Ku Ise ankalandiridwa ndi ansembe otchedwa onshi, amene analinso ngati ma ejenti a maulendo. Ankawagoneka m'nyumba zawo zazikulu, kuwadyetsa phwando la mbale zambiri ndi kuwafunditsa zofunda zimene mlimi sanazionepo chibadwire. Zaka zina dziko lonse linkachita ngati lapenga, antchito ndi ana n'kumathawa osatsanzika kupita ku Ise. Mu 1830 akuti anapita anthu oposa 4 miliyoni, m'dziko la anthu pafupifupi 30 miliyoni. Pemphero lenilenilo silinkachedwa, koma ulendo wonse, ndi kukaona Kyoto ndi Osaka pobwerera, unkatha mwezi kapena iwiri.

Kukachira kunali toji, kukhala pa akasupe a madzi otentha. Munthu ankakhala milungu, kawirikawiri itatu, akudziphikira yekha, kulowa m'madzi kangapo patsiku kuti msana ndi mawondo zichire ntchito ya kumunda itatha. Ndiye kuti panali miyambo iwiri yosiyana: usiku umodzi wopanda kasupe, ndi kasupe wa masiku ambiri wopanda wokuphikira. Malo amodzi pamene iwiriyi inakumana tikuwadziwa bwino. Mudzi wa Yumoto ku Hakone unali ndi akasupe ndipo unali m'mbali mwa Tokaido, koma sunali siteshoni yovomerezeka. Magulu a apaulendo anayamba kugona kumeneko usiku umodzi, ndipo a masiteshoni a Odawara ndi Hakone, ataona makasitomala akutha, anakasuma ku boma mu 1805. Boma linagamula mokomera Yumoto. Mukandifunsa ine tsiku lobadwa la ryokan imene alendo amajambula masiku ano, ndiloza mlandu umenewu ndisanaloze 705.

Tsopano tifike pamene timabuku totsatsa timadumpha. Hiroshige, wojambula amene anatulutsa zithunzi za masiteshoni 53 a Tokaido cha m'ma 1833, anajambula siteshoni ya Goyu madzulo. Akazi awiri akukoka apaulendo, wina pa katundu wa pakhosi, wina pa mkono, kuti alowe m'nyumba yawo. Chithunzi chotsatira, cha Akasaka, chikuonetsa m'kati mwa hatago. Mbali ina mlendo wagona chammbali ndi kaliwo wake, wantchito akubwera ndi chakudya. Mbali inayo akazi akudzola nkhope pagalasi, pafupi ndi mulu wa zofunda. Anthu a nthawiyo sankafunika kuwafotokozera kuti akaziwo akukonzekera chiyani. Ankatchedwa meshimori onna, akazi opakula mpunga, ndipo dzinali linali chophimba chabe. Ambiri anali ana a alimi osauka, amene makolo awo analandiriratu ndalama n'kuvomera kuti mwanayo agwire ntchito zaka zakutizakuti. Usana ankatunga madzi ndi kupereka chakudya, usiku ankagulitsidwa kwa alendo.

Mu 1718 boma linalamula kuti hatago imodzi isapitirire akazi awiri otere. Onani bwino, silinaletse ayi, linangoika chiwerengero, ndipo chiwerengerocho chinkaphwanyidwa poyera. Siteshoni ya Shinagawa, yoyamba kuchoka ku Edo, inadzaloledwa akazi 500. Chifukwa chake chinali ndalama. Masiteshoni ankadandaula kuti sangakwanitse amuna ndi akavalo a boma aja popanda phindu limene akaziwa ankabweretsa. Ndiye kuti msewu wa shogun unkadya msana wa mlimi usana ndi thupi la mwana wake usiku. Ambiri ankafa akadali aang'ono, ndipo m'matauni angapo a m'misewuyi muli akachisi amene anthu ankawatcha otayirako mitembo, chifukwa n'kumene ankaikidwa popanda wowalira.

Si alendo onse amene ankafuna zimenezi, ndipo woyenda yekha ankavutika kupeza malo abata. Mu 1804 wamalonda wa ku Osaka, Matsuya Jinshiro, anayambitsa mgwirizano umene unadzatchedwa Naniwa-ko. Hatago yolowa m'gululi inkalonjeza kuti simukhala juga, maphwando aphokoso kapena akazi ogulitsidwa, ndipo inkapachika chikwangwani pakhomo. Mlendo ankanyamula chizindikiro cha umembala ndi kabuku ka mayina a nyumba zodalirika. Nyenyezi zimene timapatsa mahotela pa intaneti zili ndi achibale akale ndithu.

Zonsezi zinagwa mofulumira modabwitsa. Ulamuliro wa Tokugawa unatha mu 1868, zipata zinachotsedwa mu 1869, ma honjin anathetsedwa mu 1870, ndipo mu 1872 sitima yoyamba inayenda pakati pa Tokyo ndi Yokohama. Pofika 1889 njanji inalumikiza Tokyo ndi Kobe, ulendo wa milungu iwiri n'kukhala wa maola pafupifupi 20. Matauni amene njanji inawalambalala anangoti zii. Akasaka uja ndi mmodzi mwa iwo, n'chifukwa chake hatago ya Ohashiya inatsala mmene inalili, ikulandirabe alendo mpaka 2015. Eni nyumba ochenjera anasamukira pafupi ndi masiteshoni a sitima kapena ku akasupe. Ndipo poti malamulo a udindo anali atatha, aliyense wa ndalama akanatha kumanga chipata, khomo lalikulu ndi chipinda chokongola ngati cha daimyo. Mmene ndikuonera ine, ulemu umene mumalandira pa ryokan lero, kugwadiridwa pakhomo ndi kusamalidwa ngati mfumu, ndi wa honjin umene unatsikira kwa aliyense wokhoza kulipira.

Nthawi yomweyo kunabwera hotela yachizungu ya mabedi, mipando ndi makiyi, monga Fujiya ku Hakone mu 1878 ndi Imperial ku Tokyo mu 1890. Apa m'pamene nyumba yogona yachijapanizi inayamba kudziona ngati chinthu chapadera, poti panali china choifanizira nacho. Ku Miyanoshita, Fujiya ndi ryokan yoyandikana nayo ya Naraya analimbirana alendo mpaka mu 1893 anagwirizana kugawana, azungu ku Fujiya, eni dziko ku Naraya. Mayi wa ku Britain, Isabella Bird, amene anayenda kumpoto kwa Japan mu 1878, analemba zambiri za malo ogona a kumidzi, ndipo zimene zinkamusowetsa tulo ndi utitiri, udzudzu, phokoso, ndi maso a anthu omusuzumira pa timabowo ta m'zitseko za pepala. Chipinda chokhoma chokhala ndi chimbudzi chakechake, chimene mlendo wa lero amachiona ngati chachikhalire, chinafala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha.

Panalinso nkhani ya chadai, ndalama ya tiyi. Pamwamba pa mtengo wa pogona mlendo ankayenera kuponyapo ndalama ina yapadera, ndipo kukula kwake n'kumene kunkasankha chipinda ndi nkhope imene amulandire nayo. M'buku la Natsume Soseki la mu 1906, Botchan, mphunzitsi wachinyamata aikidwa m'kachipinda kamdima pansi pa masitepe, akwiya, apereka ma yen asanu, ndipo pochokera kusukulu apeza amusamutsira m'chipinda chachikulu cham'mwamba. Lero timamva kuti ku Japan sapereka tipu. Sizinali choncho nthawi zonse, ndipo pa ma ryokan odula alipo amene amaperekabe kaenvelopu kwa nakai.

Nkhondo itatha chuma chinakwera, ndipo ryokan inasanduka fakitale. Makampani ankatenga antchito awo onse pa basi kupita ku Atami kapena ku Kinugawa kukagona usiku umodzi: holo yaikulu, anthu mazana atavala yukata yofanana, mowa, nyimbo, bwana akuledzera limodzi ndi kalaliki. Eni malo anakongola ndalama kubanki n'kumanga nyumba zosanjikizana za konkire. Cha m'ma 1980 ma ryokan analipo oposa 80,000. Kenako chuma chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, maulendo a makampani anachepa, ndipo pofika 2017 anatsala osakwana 40,000. Ku Kinugawa mabwinja ena akadali chiimire m'mphepete mwa mtsinje, poti kugwetsa kumafunanso ndalama. Amene anapulumuka bwino ndi malo ang'onoang'ono ngati Kurokawa ndi Yufuin ku Kyushu, amene mpikisano wa konkire unawapitirira. Ku Kurokawa eni nyumba anagwirizana kudzala mitengo ndi kuchotsa zikwangwani zambirimbiri za aliyense payekha, ndipo mu 1986 anayamba kugulitsa kathabwa kololeza mlendo kusamba pa akasupe atatu a nyumba zosiyana. Maonekedwe achikale amene anthu amapitira kumeneko anachita kukonzedwa pa misonkhano, makolo athu ali kale pasukulu.

Mu 2013, pamene Tokyo inkapempha kuchititsa masewera a Olympics, mawu akuti omotenashi anamveka padziko lonse: kulandira mlendo ndi mtima wonse, kudziwa chimene akufuna asananene. Ndi mawu okoma, ndipo amene anagonapo pa ryokan yabwino amachitira umboni kuti si bodza. Koma ambiri a ife timagwira ntchito m'mahotela, m'malesitilanti ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndiye tikudziwa kuti kumwetulira kuli ndi rota yake. Tsiku la nakai limayamba m'mamawa ndi chakudya cha alendo. Akawaperekeza amapuma maola angapo masana, kenako amabwerera kudzalandira ena, mpaka usiku mbale yomaliza itachotsedwa. Pa pepala maolawo amaoneka abwinobwino, koma tsiku lonse lapita. Chris McMorran, katswiri amene anagwira ntchito pafupifupi chaka m'ma ryokan a ku Kurokawa n'kutulutsa buku mu 2022, anapeza kuti ambiri mwa amayiwa anali achikulire, ena osudzulidwa, ena othawa nkhanza m'banja. Ryokan inkawalemba popanda mafunso ambiri, n'kuwapatsa chipinda, chakudya ndi yunifolomu nthawi yomweyo. Ndi pothawira penipeni, ndipo sindikupeputsa zimenezo. Koma munthu amene bwana wake ndi landilodi wake yemwe sadandaula mokweza. Amene muli pa viza ya sponsa mukundimva.

Lero amayi otere akuchepa. Japan ikukalamba, achinyamata a kumidzi akupita ku Tokyo ndi ku Osaka, ndipo ana ambiri a eni ma ryokan sakufuna kulowa ntchito ya makolo. Mu 2019 boma linatsegula viza yatsopano ya antchito akunja, ndipo ntchito ya malo ogona alendo ili m'gulu la zololedwa. Choncho amene akukuyalirani futon, kapena kukufotokozerani dzina la nsomba m'Chijapanizi chaulemu, akhoza kukhala mtsikana wa ku Vietnam, Nepal kapena Myanmar amene akutumiza ndalama kwawo mwezi ukatha. Malo ambiri asiya kubweretsa chakudya m'chipinda, alendo amakadyera kuholo. Ena amayala futon mlendo asanafike, ena aika mabedi. Ndipo popeza ophika akusowa, komanso mlendo wakunja wokhala masiku anayi safuna phwando la timbale usiku uliwonse, nthambi ya boma yoona zokopa alendo yakhala ikulimbikitsa kuyambira 2017 kuti mtengo wa chipinda ulekanitsidwe ndi wa chakudya. M'matauni ena a akasupe mukhoza tsopano kulipira pogona pokha, chakudya n'kudzionera nokha, ngati mmene zinalili ku kichinyado, kungoti nkhuni sakulipiritsani.